Si Kachilombo Kaja

Mu wodi ya ana munalibe munthu wowaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Nyamulani, chifukwa mawu amenewa ndi amene ankatsogola eniake asanafike. Unkayamba wamva ndowa ikukhwekhwerezeka pa simenti, kenako liwu lokhuthala lija: "Nyamulani mapazi!" Ndipo mapazi ankanyamukadi, a amayi odwazika ana, a anamwino, ngakhale a dokotala wamkulu amene. Chikolopa chawo sichinkayang'ana nkhope ya munthu.

Anali mayi wamfupi, wa mikono yolimba, ndipo majombo amene ankavala anali aakulu kuposa phazi lawo, moti poyenda ankalira phwa phwa phwa. Wodiyo anaikolopa zaka pafupifupi makumi awiri. Ankadziwa pamene simenti inang'ambika n'kumasunga madzi, bedi limene mwendo wake unamangidwa ndi bandeji, ndi zenera limene ukalitseka limatsegukanso lokha. Ankadziwanso kusiyanitsa kulira kwa mayi amene wangotopa chabe ndi kulira kwa mayi amene mwana wamuthawa m'manja, ndipo akamva kwachiwiriko ankaimika ntchito, kukokera ndowa pambali kuti anthu adutse. Nthabwala yawo inali imodzi, ndipo anainena mpaka inatha mchere: "Amene anati madzi akatayika saoleka sanagwirepo chikolopa. Ine ndimaola tsiku lililonse, ndipo si madzi okha ayi."

Sukulu anailekezera fomu 2. Chizungu ankachikhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi mwawo, ndipo mtima wawo wonse unali pa unamwino, koma bambo awo atamwalira zonse zinathera pomwepo. Anakwatiwa ndi mmisiri wokonza mipope ya madzi, munthu wansangala, nabereka naye mwana mmodzi wamkazi. Mwamunayo atayamba kuwonda ndi kutsokomola kosalekeza, onse awiri anaitanidwa m'kachipinda kena ka pachipatala chomwecho, momwe munali tebulo, mipando itatu ndi kalendala ya chaka chatha. Mlangizi anayang'ana pepala, osayang'ana iwo, n'kunena kuti, "Mwapezeka ndi kachilombo. Kachilomboka kalibe mankhwala." Masiku amenewo mapiritsi otalikitsa moyo anali asanafike kwa anthu wamba. Mwamunayo sanathe chaka. Iwo anakakamira ku moyo mpaka mapiritsi anabwera, ndipo ankamwa limodzi tsiku lililonse, kulitenga m'kachitini ka mabatani kamene kankakhala pa makina osokera a mwana wawo, amene anakula n'kukhala telala. Za kachipinda kaja sankazikamba ndi munthu.

Ntchito yomasulira sanachite kulembedwa, inangowagwera. Wodi ya mabedi makumi anayi, nthawi zina ana awiri pabedi limodzi, namwino n'kukhala mmodzi kapena awiri. Ndiye kukabwera dokotala wochokera kutali, wosadziwa chilankhulo cha anthu, ankangoti kakasi kusowa womuthandiza. Tsiku lina a Nyamulani, ali chiweramire kukolopa pansi pa bedi, anamva dokotala wotere akuvutika kufunsa mayi wina ngati mwana wakodza, ndipo anangomasulira ali pansi pomwepo. Dokotalayo anachita kusuzumira kuti aone kumene mawuwo achokera. Kuyambira tsiku limenelo kunali, "A Nyamulani, tabwerani mutithandize kuno." Ankatsamiritsa chikolopa kukhoma, kupukuta manja pa epuloni, n'kukaima kumiyendo kwa bedi manja ali kumbuyo. Tisabise, zinkawakomera. Unamwino umene unawaphonya uja ankaulawako pamenepo. Akafika kunyumba madzulo, telala uja ankakweza mutu pa makina n'kufuula, "Adokotala a chikolopa afika, apatseni mpando!" Iwo ankati, "Iwe, mwano umenewo," koma kumtima kuli mbee.

Koma anali ndi chizolowezi chimodzi: ankadula mawu. Dokotala akalankhula mtunda wonse, iwo ankapeta zonsezo n'kutsala ndi chiganizo chimodzi. "Akuti mwana azimwa madzi ambiri." Dokotala ankadabwa kuti zonse zija zathera pomwepa, iwo n'kungogwedeza mutu kuti basi, wamva. Ankati anthu ophunzira amakonda kuzungulira ngati akufunsira banja, pamene mayi wa mwana wodwala amangofuna kumva chochita. Komanso pansi pankawadikira, pakuti zonyansa za mu wodi sizidikira kuti dokotala amalize ndime yake. Zaka zonsezo njira yawoyo inkayenda, ndipo palibe amene anadandaulapo.

Chaka chimenecho nyengo yozizira inabwera ndi chifuwa choopsa. Ana ankafika nthiti zikulowa m'kati, akupuma mothamanga, m'chifuwa mukulira ngati muli kamwana ka mphaka. Makina a mpweya analipo asanu okha, ndipo aliwonse ankagawira ana awiri kapena atatu. Pa nthawi yomweyo kunabwera dokotala wina wachinyamata wochita kafukufuku, wofuna kudziwa tizilombo timene tinkapezeka mwa ana odwala chifuwacho. Ankayenda ndi timitengo tokhala ndi thonje kunsonga. Mayi akavomera n'kusaina fomu, iye ankalowetsa kamtengo m'mphuno mwa mwana, kukatsekera m'kabotolo, n'kutumiza ku labu. Amayi a mu wodimo sanachedwe kum'patsa dzina loti Adokotala a Thonje. Anali munthu wabwino mtima, woti mwana akamuyetsemulira kumaso ankangoseka, koma pa chilankhulo chathu ankangodziwa "moni" ndi "pepani".

Pa bedi 14 panali mayi wamng'ono, wa zaka zosapitirira makumi awiri, ndi mwana wake woyamba, wamkazi, wa miyezi khumi, wa timano tiwiri kumunsi. Anabwera Lolemba, mwana ali wolefuka, milomo itada. Anamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno, n'kuyamba kumubaya jakisoni wa chibayo. Mayiyo sankachoka pambali pa bedi, ngakhale kukasamba ankachita kukakamizidwa. Anali waulemu wochita kunyanya: a Nyamulani asananene n'komwe, iye anali atanyamula kale mapazi, masilipasi ali m'manja. Mwamuna wake, mmisiri wowotcherera zitsulo, ankabwera masana aliwonse nthawi yoona odwala, maso ali psuu ndi moto wa kuntchito, atanyamula fulasiki ya tiyi. Ankaima kumutu kwa bedi n'kumamuimbira mwanayo likhweru motsitsa, mpaka belu lotulutsa alendo litalira.

Pofika Lachinayi mwana anali atayamba kutsitsimuka. Anayamwa bere m'mawa, ndipo chikolopa chitadutsa pafupi anatambasula kadzanja kufuna kugwira mtengo wake.

"Ameneyu adzandilanda ntchito," anatero a Nyamulani, ndipo mayi uja anaseka koyamba chibwerereni.

Cha m'ma 11 koloko tsiku lomwelo Adokotala a Thonje analowa ndi pepala la zotsatira. Namwino anali kumapeto kwa wodi ndi mwana wina amene ankakomoka, ndiye dokotala anakodola a Nyamulani. Iwo anabwera, koma maso ali ku bedi 30, kumene mwana wina anali atasanza pakati penipeni pa njira, anthu n'kumapondapo ndi kumwaza ponseponse.

Dokotala anakhala pampando, nalankhula modekha, ndipo a Nyamulani anamva liwu lililonse. Anati m'mamina a mwanayo mwapezeka kachilombo kotchedwa boka, kamene kamagwira kwambiri ana aang'ono, ndipo kamafala ngati chimfine. Anati nthawi zambiri kamapezeka pamodzi ndi tizilombo tina, moti madokotala amatsutsanabe ngati ndi iko kodwalitsa kapena nthawi zina kamangokwera nawo matola. Anati palibe mankhwala opha kachilombo kameneka, thupi la mwana limakagonjetsa lokha. Chofunika n'chakuti mwana akhalebe pa mpweya mpaka mapapo apeze mphamvu, aziyamwa, ndipo amalize jakisoni wake. Anati ana ambiri amachira n'kupita kwawo, ndipo uyu akuoneka kuti ali panjira yomweyo.

A Nyamulani anapeta monga mwa masiku onse.

"Akuti zotsatira zabwera, mwanangu. Mwana wapezeka ndi kachilombo. Kachilomboka kalibe mankhwala, ndiye azingokhala pa mpweyapo."

"Kachilombo?" anafunsa mayiyo, mawu ali pansipansi.

"Eya, kachilombo. Usadandaule, ana ambiri muno ali nako."

"Zikomo, amayi."

Dokotala ataona ulemuwo anamwetulira, nagwira kaphazi ka mwana, n'kupita ku bedi lina. A Nyamulani anathamangira ndowa yawo.

Tsono mu wodi, pakati pa anthu ovala zoyera, liwu loti kachilombo linali litasuluka kalekale. Ka chimfine, ka chikuku, ka m'mimba, tonse tinali tizilombo basi. Koma kunja kwa mpanda wa chipatala, munthu akangoti kachilombo osawonjezera kanthu, amatanthauza kamodzi kokha, kaja kanatenga mwamuna wawo. Izi a Nyamulani ankazidziwa kuposa wina aliyense m'chipindamo. Kungoti m'mawa umenewo maganizo awo anali pa masanzi.

Nthawi yoona odwala itakwana a Nyamulani anamuona mmisiri wowotcherera uja ali pakhonde ndi mkazi wake. Mkaziyo ankalankhula atazyolika, mwamunayo ali chilili, osagwedezeka. Kenako anatembenuka n'kumapita, fulasiki ili m'manja yosatsegula. A Nyamulani anangoti za m'banja izo, napitiriza kutsuka ndowa pampopi.

Atalowanso mu wodi cha m'ma 2 koloko, pa bedi 14 panalibe munthu. Timapaipi tinali pa nsalu, tikutulutsabe mpweya, makina akungolira okha. Chikwama panalibe, masilipasi panalibe. Anathamangira kugeti, majombo ali phwa phwa, koma mlonda anati anthu otuluka atabereka ana nthawi imeneyo amakhala ambirimbiri, iye angadziwe bwanji wothawa ndi wotulutsidwa. Atabwerera anapeza namwino akumenya faelo patebulo.

"Anthu awa! Mwana wayamba kuchira, iwo ndi pamene akuthawa naye. Mawa azidzati chipatala chapha."

"Nanga akanakhaliranji, anesi?" Anayankha ndi mayi wa pa bedi 15, amene anali atasuntha kale kapu ndi mbale zake kuziika mbali inayo. "A Nyamulani omwewa amuuza tonse tikumva kuti mwana ali ndi kachilombo kopanda mankhwala. Atinso ana ambiri muno ali nako. Ine ndimafuna ndifunse, wanganso ali m'gulumo?"

A Nyamulani anamva mawu awo omwe akuwabwerera, ndendende mmene anatulukira. Anaona tebulo lija, mipando itatu, kalendala ya chaka chatha. Chiganizo chimene anachisenza zaka zoposa makumi awiri, chimene ankalumbira mumtima kuti munthu sayenera kuuzidwa choncho, anachitula pamutu pa mwana wa eni ali chiimire, akuganiza za ndowa.

Sanabise. Anauza namwino, anauzanso dokotala, m'Chizungu chawo chabwino chija chimene tsiku limenelo chinkawawa mkamwa. Dokotala anagwira mutu, nati cholakwa ndi chake, akanamupempha mayiyo kuti abwereze zimene wamva. A Nyamulani akanakonda akanawakalipira, mwina akanapepukidwako. Namwino anayenda bedi ndi bedi kufotokozera amayi ena kuti pasathawenso wina, ndipo ola lisanathe pa bedi 14 anali atagonekapo kale mwana wina. Nambala ya foni ya pa fomu anaiimba kasanu, foni inali yozima. Koma pa fomu yomweyo panali malangizo a njira amene mayiyo anapereka tsiku losaina: kutsika pomwe mabasi amatembenukira, kudutsa pogulitsira matabwa, nyumba ya chitseko chobiriwira kuseli kwa shedi yowotcherera zitsulo.

Galimoto ya kafukufuku inawatenga a Nyamulani madzulo omwewo. Chitseko chobiriwira anachipeza, koma chili ndi loko. Shedi inali yotseka. Anthu oyandikana nawo, ataona galimoto ya chipatala ndi mayi wa yunifolomu, aliyense anakumbukira kuti wasiya poto pamoto. Amene anatsala panja anati iwo ndi alendo, angobwera dzulo. Dalaivala anadikira ola lathunthu, kenako anati dzuwa lapita, n'kubwerera.

Lachisanu ataweruka anapitanso okha pabasi, Loweruka chimodzimodzi, Lamulungu chimodzimodzi. Ankagogoda, kusuzumira pazenera, kukhala pa mulu wa njerwa moyang'anana ndi chitseko mpaka miyendo kuchita dzanzi. Njira yonse ankadzifunsa funso limodzi: mwana amene milomo inada Lolemba, wochotsedwa pa mpweya Lachinayi, jakisoni asanamalize, angapirire masiku angati? Anali ataonapo ana okwanira kuti adziwe yankho lake, koma ankalikana.

Kuntchito analeka kumasulira. Dokotala akawakodola ankangoti, "Ine ndine wokolopa," n'kupitiriza ulendo. Namwino anawachonderera, anawaopseza, koma anakana kwamtuwagalu. Tsiku lina mayi wina watsopano anataya beseni lonse la madzi, ndipo anzake, odziwa nthabwala ija, anaitana akuseka kuti, "A Nyamulani, bwerani muole!" Iwo anabwera, nakolopa mwakachetechete, ndipo kuseka kuja kunazima kokha. Ngakhale liwu lawo lija linachepa. Ankangoima ndi chikolopa pafupi ndi mapazi a munthu mpaka mwini wake atazindikira.

Kunyumba chakudya chinkawakanika. Telala uja analeka zoitanitsa mpando.

"Amayi, si inu munamuchotsa pa mpweya mwanayo," anatero tsiku lina, ataimitsa makina. "Mukudzipha ndi maganizo."

"Manja anali ake," anayankha. "Koma pakamwa panali panga."

Lachitatu la sabata yotsatira linali tsiku lawo lopuma, ndipo anapitanso ku chitseko chobiriwira chija atavala zovala wamba. Mwina n'chifukwa chake mwini nyumba ija, mayi wina wonenepa wosatha kusunga nkhani, anawamasukira. Anati Lachinayi lija kunali chiphokoso chosaneneka. Mwamuna anatayira katundu wa mkazi panja, akukuwa kuti iye anayezetsa chaka chomwechi ali bwinobwino, ndiye matendawa alowa m'nyumba kudzera khomo liti. Mkaziyo anatola zovala zake, mwana ali kumbuyo akubanika, n'kupita kwa mkulu wake amene amagulitsa nsapato za kaunjika pafupi ndi njanji. Mwamunayo chiyambire tsikulo ankangobwera kudzagona, shedi osatsegula.

"Nanga mwanayo?" anafunsa a Nyamulani.

"Aaa, zimenezo mukamve komweko, amayi," anatero mwini nyumba, ndipo mwadzidzidzi nayenso anakumbukira poto wake.

Anafika kwa mkuluyo dzuwa litapendeka pang'ono. Chinali chipinda chimodzi, matumba a nsapato ataunjikidwa pakona, fungo la polishi lili guu. Mayi wa pa bedi 14 anali yekha, atakhala pansi, atatsamira khoma. A Nyamulani anayang'ana kumbuyo kwake, pamiyendo pake, pa matiresi. Pa chingwe chodutsa pakati pa chipinda panali matewera ochapa, ouma kalekale, opanda wowaanula. Kutsogolo kwa bulauzi yake kunali madontho awiri a mkaka.

Mayiyo anawazindikira ngakhale analibe majombo. Anadzuka, kuwapatsa kampando, n'kuwapatsa moni mwaulemu womwe uja.

"Mwana ali kuti, mwanangu?"

"Tinaika Loweruka, amayi. Anatisiya Lachisanu masana. Achemwali anati tithamangire kuchipatala china, koma tinafika atazizira kale."

Anafotokoza mopanda misozi, ngati nkhani ya munthu wina. Anati bambo ake a mwana anamuuza pakhonde paja kuti abwere kunyumba adzalongosole. Anati atabwerera mu wodi anaona anzake akusuntha makapu ndi kunong'onezana, ndiye anaganiza kuti ngati mankhwala palibe, bola mwana akafere m'manja mwa amake kusiyana ndi pamaso pa anthu, ali ndi mapaipi m'mphuno. Anati timapaipito anatichotsa pang'onopang'ono kuti asamudzutse.

"Koma chimene chikundidya ine, amayi, si chimenecho. Ndili woyembekezera anandiyeza kawiri, ndinalibe. Lolemba lapitali ndakayezetsanso, ndilibe. Bambo ake akuti alibe. Ine mwamuna wina sindim'dziwa, Mulungu ndi mboni. Ndiye mwana wanga anakatenga kuti? Ndaganiza za lumo limene tinamumetera, ndaganiza za jakisoni wa katemera, ndaganiza za mlamu wanga amene ankandisungira ndikapita kumsika, mpaka ndayamba kudana naye munthu wosalakwa. Inu mumagwira ntchito kuchipatala, tandiuzani. Anakatenga kuti?"

A Nyamulani anakhala pa kampando kaja manja ali pamaondo. Khomo linali lotsegula. Akanatha kunena kuti za Mulungu sitingazidziwe, n'kupepesa, n'kumapita, ndipo palibe akanawatsatira. Akanatero, mtsikanayu akanatsala ndi chitonthozo chimodzi chokha chimene anali nacho, chakuti mwanayo anali wopita kale, kuti kumuchotsa pa mpweya sikunasinthe kanthu. Koma akanatsalanso ndi funso lija mpaka tsiku la imfa yake, pamodzi ndi dzina loipa kwa mwamuna ndi kwa anansi. Choonadi chikanamutsuka dzina, koma chikanamulanda chitonthozocho. A Nyamulani anachita mantha kuposa tsiku la m'kachipinda kaja.

"Mwanangu, si kachilombo kaja."

"Mwati bwanji, amayi?"

"Si kachilombo kaja ayi. Amene analakwitsa kunena ndi ine. Khala pansi ndikuuze zimene adokotala ananena, zonse."

Ndipo ananena zonse, osadula ngakhale liwu limodzi. Ananena dzina loti boka, kuti kamagwira ana aang'ono ndi kufala ngati chimfine, kuti mwina kamangokwera nawo matola, kuti thupi limakagonjetsa lokha. Ananena za mpweya, za bere, za jakisoni, za ana ambiri ochira n'kupita kwawo, ndi zoti uyu ankaoneka kuti ali panjira yomweyo. Atamaliza anazindikira kuti mawu onsewo sanathe mphindi ziwiri. Masanzi a pa bedi 30 akanadikira.

Kunja kunadutsa sitima ya katundu, malata akunjenjemera, ndipo mayiyo anadikira mpaka phokoso lonse litatha.

"Ndiye chinali chifuwa chabe."

"Chinali chifuwa chachikulu. Koma si kachilombo kaja."

"Akanachira?"

"Ambiri amachira."

"Sindikufunsa za ambiri, amayi. Ndikufunsa za wanga."

A Nyamulani anakumbukira kadzanja kaja kakutambasukira mtengo wa chikolopa. Anafunafuna njira yozungulira ngati ya anthu ophunzira aja, koma sanaipeze.

"Anali atayamba kuyamwa," anatero. "Ndikuganiza kuti akanachira."

Anayembekezera kukuwa, kutukwanidwa, ngakhale kugendedwa ndi nsapato za m'thumba, ndipo akanazilandira ndi manja awiri. Koma mayiyo anangoyang'ana manja ake, manja amene anachotsa timapaipi tija, kuwatembenuza uku ndi uku.

"Mawa mupite kwa bambo ake," anatero potsiriza. "Mukawauze anthu a pamenepo akumva. Mawu onse, ngati mmene mwandiuzira ine. Musakadule."

"Ndipita, mwanangu. Ndikhululukire."

Mayiyo anadzuka, natenga tsache kuseli kwa chitseko, nayamba kusesa chipinda chimene chinali chosesa kale. Anasesa pansi pa chingwe cha matewera, kuzungulira matumba a nsapato, m'mbali mwa matiresi, mpaka tsache linafika pa kampando paja n'kuima. Sanakweze maso.

"Nyamulani mapazi, amayi."

A Nyamulani ananyamula. Tsache linadutsa, linafika pakhomo, fumbi linatuluka panja, koma iwo anali chinyamulire, osadziwa poti awaike.